Chingwe cha pakhoma: zolemba za kalasi yathu ya ana aang'ono

24 Novembala 2024

Ndayamba kulemba izi kuti ndisamaiwale zomwe tachita ndi zomwe zakanika, komanso kuti amene adzatenge kalasiyi m'tsogolo asadzayambirenso pachiyambi. Ndi kalasi ya Sande sukulu, ana a zaka 4 mpaka 7, tsiku labwino amakwana 14, tsiku lina 9 basi. Tilipo awiri, ine ndi mayi anzanga amene amatsogolera nyimbo.

Chomwe chandiyambitsa ndi cha lero lomwe. Ndinawafunsa kuti Khirisimasi ndi chani, mayankho anabwera mothamanga, mphatso, zovala zatsopano, sitipita kusukulu, Fada Khirisimasi, kenako mmodzi anati ndi tsiku lobadwa Yesu. Chabwino. Nditafunsa za Pasaka kunangoti zii, mpaka mnyamata wamkuluko anati ndi pamene Yesu anafa. Pompo kamtsikana ka zaka 4 kanadzuka nkunena mokwiya kuti ayi aphunzitsi, akunama, Yesu ndi khanda, sangafe. Apa nde ndinaona pomwe pali vuto. Kwa anawa Yesu wa Khirisimasi ndi Yesu wa pamtanda ndi anthu awiri osiyana, wina amangokhala khanda chaka ndi chaka, winayo ndi bambo wandevu amene samudziwa komwe anachokera. Ndipo sindingawadzudzule, tikamawaphunzitsa timadumpha kuchoka m'chodyera cha ziweto kukafika pamtanda ngati pakatipo palibe kanthu.

Pulani yake ndi iyi, timanga chingwe kuchokera pakhomo mpaka pawindo, chikondwerero chilichonse tizipachika chithunzi ndi mapegi, ndipo palibe chochotsa mpaka Pentekoste. Ndikufuna aziona ndi maso kuti nkhaniyi ndi imodzi. Vesi yomwe ikunditsogolera ndi Eksodo 12:26-27, pomwe Mose akuuza Aisraeli kuti ana anu akadzakufunsani kuti mwambo umenewu ukutanthauza chiyani, mudzawafotokozere. Mwana ndi amene akuyamba kufunsa, wamkulu nkuyankha. Ndikufuna kalasi yathu iziyenda chonchi.

1 Disembala

Adiventi yayamba. Ndi masabata anayi a Lamulungu Khirisimasi isanafike, liwulo ndi lachilatini, limatanthauza kubwera, koma ana ndangowauza kuti ndi nthawi yodikira. Ndinafunsa kuti ndani anadikirirapo kuti kunyumba kubadwe mwana, manja asanu m'mwamba, ndipo aliyense anali ndi nkhani, wina mpaka anatiuza kuti ankaika khutu pamimba pa mayi ake. Kuchoka apo kupita kwa mngelo Gabirieli ndi Maria sikunavute olo pang'ono.

Chomwe chavuta ndi kutalika. Ndinayankhula pafupifupi mphindi 15, ana anandisiya pa mphindi yachisanu, ena ayamba kuvula nsapato, ena akukokana. Kuyambira wiki yamawa nkhani isamapitirire mphindi 6, zotsalazo zikhale zamanja ndi nyimbo. Kandulo yoyamba mwa zinayi tayatsa, ili pashelefu yapamwamba chifukwa aliyense akufuna kuiuzira.

8 Disembala

Funso la lero, kodi Fada Khirisimasi analipo ku Betelehemu? Ndinayankha kuti ayi, m'nkhani ya m'Baibulo mulibe. Ndinawauza za Nicholas, bishopu wa mzinda wa Myra, komwe pano ndi dziko la Turkey, amene anakhalako m'zaka za m'ma 300 ndipo amakumbukiridwa kuti ankathandiza osauka mobisa, tsiku lake ndi 6 Disembala. Ndinati munthu ameneyu ankapatsa chifukwa ankakonda Yesu, nde Yesu ndi amene anayamba, Nicholas ankangotsatira. Za ndevu zoyera ndi chovala chofiira zija sindinalowemo, zimenezo makolo akambe okha ndi ana awo. Ntchito yamanja, aliyense achitire wina chabwino kunyumba osadzitchula. Kusunga chinsinsi kwa mwana wa zaka 5 ndi kovuta koma anayesa.

15 Disembala

Tikukonza sewero. Ndinakhala pansi usiku nkuwerenganso Luka 2 ndi Mateyu 2 pang'onopang'ono, ndi pensulo m'manja, ndipo ndapeza kuti zambiri zomwe timaika m'masewero athu m'Baibulomo mulibe. Bulu amene Maria amakwera satchulidwa. Mwini nyumba ya alendo amene amatseka chitseko satchulidwa, Luka angoti malo anasowa. Anzeru a kum'mawa Mateyu sanawawerenge kuti analipo atatu, mphatso ndi zimene zili zitatu, ndipo akuti analowa m'nyumba, osati m'khola. Abusa ali kwa Luka, nyenyezi ndi anzeru zili kwa Mateyu, ifeyo timangozisakaniza usiku umodzi.

Sindikunena kuti masewero ndi oipa, ayi. Ngakhale Francis Woyera wa ku Assisi mu 1223 ku Greccio, m'dziko la Italy, anaika chodyera ndi udzu ndi ng'ombe ndi bulu zamoyo kuti anthu wamba aone ndi maso umphawi umene Yesu anabadwiramo, cholinga chake chinali chomwechi chomwe tili nacho. Koma sindikufuna mwana adzakule nkuwerenga yekha nkupeza kuti aphunzitsi anawonjezera, kenako nkuyamba kukayika zonse.

Apa tinasiyana maganizo ndi mayi anzanga. Iwo akuti makolo amayembekezera kuona mafumu atatu ndi zisoti zawo, ndipo ana atatu aja akhumudwa. Ali ndi mfundo. Tagwirizana kuti anzeru akhalemo koma asafike, pa sewerolo azioneka chakumbuyo kwa tchalitchi akuyenda, akuloza nyenyezi, adzafika mu Januwale. M'kalasi chimodzimodzi, tadula anthu apepala, tawaika pakona yakutali, wiki iliyonse tiziwasuntha pang'ono. Ndipo tadula asanu, osati atatu.

29 Disembala

Sewero linayenda. Mngelo mmodzi analira, mbusa mmodzi anakana kuchoka pafupi ndi chodyera, zina zonse bwino.

Koma chomwe ndikufuna kulemba ndi cha lero. Liwu lomwe ndasankha kuti alisunge pa Khirisimasi yonse ndi limodzi lokha, Emanueli, Mulungu ali nafe, la pa Mateyu 1:23. Tikujambula, mnyamata wina wa zaka 5 anafunsa mosaseka kuti aphunzitsi, kodi Yesu ankavala thewera? Anzake anaseka, mayi anzanga anafuna kumuletsa, koma ine ndinaona kuti mwanayu wafika penipeni pa nkhani kuposa mmene ine ndikanafikira ndi phunziro lomwe ndinakonza. Ndinati eya, Luka akuti mayi ake anamukulunga ndi nsalu, ndipo ngati khanda lililonse ankalira akamva njala, ankayamwa, ankafuna kunyamulidwa, sankatha kuyenda mpaka anaphunzira ngati iwe. Anakhala chete kenako anati, koma si Mulungu? Ndinati ndi Mulungu, nchifukwa chake tikusangalala, kuti Mulungu amene anapanga dzuwa anavomera kukhala wamng'ono chonchi kuti akhale pafupi nafe, nde ukamalira iyeyo amadziwa mmene kulira kumamvekera. Akuluakulu a zaumulungu ali ndi mawu aatali ofotokozera zimenezi, atsutsana pa misonkhano zaka mazana, koma funso lake ndi lomweli la thewera. Ndinabwerera kunyumba mtima uli myaa.

Mnyamata wamkulu uja anafunsanso kuti tinadziwa bwanji kuti ndi pa 25. Ndinamuuza zoona, Baibulo silitchula tsiku, mpingo wakale ndi umene unasankha, ndipo zolembedwa zakale zimaonetsa kuti ku Rome ankakumbukira pa 25 Disembala pofika chaka cha 336. Ndinawonjezera kuti Akhirisitu ambiri a ku Ethiopia, Egypt ndi Russia amakondwerera pa 7 Januwale chifukwa amatsata kalendala ina. Madzulo mayi ake ananditumizira uthenga pa WhatsApp akudandaula kuti mwana wafika kunyumba akuti Khirisimasi ndi yabodza. Ndinawaimbira, ndinati mayi pepani, sindinafotokoze mokwanira, ndikonza. Cholakwa ndi changa, ndinapereka theka la yankho. Wiki yamawa ndinena kuti munthu olo tsiku lake lobadwa litaiwalika, sizitanthauza kuti sanabadwe, banja limasankha tsiku nkumamukondwerera ndithu.

5 Januwale 2025

Anzeru afika, ana anakuwa ngati alendo enieni. Epifania, tsiku lokumbukira kufika kwa anzeruwo, ndi mawa pa 6. Mphatso zitatu, golide, lubani ndi mure. Golide akumudziwa, lubani ndinati ndi zonunkhira zofukiza popemphera. Mure ndinangojambula kabotolo nkukapachika pachingwe ndikunena kuti aka musakaiwale, tidzakapezanso kutsogolo uko. Ndikuganiza za Yohane 19:39 pomwe Nikodemo akubweretsa mure ndi aloe pokaika mtembo wa Yesu.

Za Herode ndanena kuti mfumuyo inachita nsanje nkufuna kumupweteka mwanayo, nde Yosefe anadzuka usiku nkuthawa naye ku Iguputo pamodzi ndi Maria. Za kuphedwa kwa ana a ku Betelehemu sindinanene. Adzazimva akakula, a zaka 4 sangagone nazo.

Ndakonzanso za tsiku lija, mnyamatayo wamva.

23 Febuluwale

Papita nthawi osalemba koma ntchito siinaime, ndipo ndikuona kuti miyezi iwiri yopanda chikondwerero chachikuluyi ndi imene ili msana wa pulojekiti yonse. Tikumukulitsa Yesu. Pakhoma pafupi ndi chitseko tajambula mizere ya msinkhu, wapansi khanda la masiku 40 m'manja mwa Simeoni m'Kachisi, phunzirolo linagwera pa 2 Febuluwale penipeni. Wapakati mnyamata wa zaka 12 amene anatsalira ku Yerusalemu makolo ake nkumufuna masiku atatu, nkhani imeneyi anaikonda kwambiri chifukwa pafupifupi aliyense anasowapo pagulu ndipo amakumbukira nkhope ya mayi ake atamupeza. Ndinatsindika kuti ulendowo unali wa chikondwerero cha Ayuda cha Paska, kuti liwulo liyambe kuzolowereka. Mzere wapamwamba ndi bambo wa zaka pafupifupi 30 akubatizidwa mu Yorodano. Ana amaima pamizerepo kudziyeza.

Lero tinachita Marko 10, pomwe ophunzira akuthamangitsa ana, Yesu nkuwakwiyira ophunzirawo, nkuwanyamula anawo. Kamtsikana kaja kanayang'ana chingwe kuyambira pakhomo, chala chikuyenda chithunzi ndi chithunzi, nkunena kuti aaa, ndi yemwe uja eti, wakula. Ndinalemba mawu amenewa pachikhatho ndi bolopeni kuti ndisawaiwale ndisanafike kunyumba.

9 Malichi

Lenti, nthawi yokonzekera Pasaka, inayamba Lachitatu la Phulusa pa 5. Masiku 40 ngati amene Yesu anakhala m'chipululu, koma ukawerenga pakalendala mpaka Loweruka lomaliza umapeza 46 chifukwa masiku a Lamulungu sawerengedwa. Tapanga mapazi 40 apepala kuti tizimata. Ndikudziwa kuti si mipingo yonse imasunga Lenti, ndipo ana awiri m'kalasimu makolo awo anakulira kumene sasunga, nde ndikunena kuti ndi njira yokonzekera, osati lamulo lopita nalo kumwamba.

Ana sitiwauza za kusala kudya. Tikuphunzira liwu loti pepani ndi loti ndakukhululukira. Liwu lachiwirili ndi lomwe likuvuta.

Pena ndinalakwitsa. Pofotokoza phulusa ndinanena mawu a pa Genesis 3:19 oti ndife dothi ndipo tidzabwerera kudothi, mnyamata wina anachita mantha nkufunsa kuti liti. Ndinamukhazika pamiyendo mpaka anakhala bwino, koma chaka chamawa kwa aang'onowa ndidzangoti phulusa ndi chizindikiro chopepesa kwa Mulungu, basi.

Tadzala njere m'zitini, aliyense chake, chifukwa cha Yohane 12:24, njere ikapanda kugwa m'nthaka nkufa imakhala yokha. Sindinafotokoze zambiri, ndangoti tiikwirire tione.

6 Epulo

Tinaitana makolo tikatuluka m'tchalitchi kuti tikambirane momwe tiwauzire ana za mtanda. Anabwera 8. Bambo wina ananena mwaulemu kuti aphunzitsi, bwanji tingodumpha Lachisanulo, ana aone Yesu pabulu kenako wauka, zokhetsa magazi adzaphunzira akakula. Ndimawamvetsa, mwana wawo salimba mtima. Koma agogo ena amene akulera zidzukulu ziwiri anayankha kuti mwanawe, ana imfa amaidziwa kale, awa ndili nawowa anaika mayi awo chaka chatha, ukawabisira kuti Yesu anafa nde kuuka kwakeko auka kuchokera kuti? Palibe anayankha. Ine ndili mbali ya agogo. Pasaka wopanda Lachisanu ndi phwando lopanda chifukwa, ndipo mwana amene analirapo maliro ndi amene akufunika kwambiri kumva kuti Yesu analowa komweko.

Tagwirizana momwe tichitire. Zithunzi za magazi ayi, mafilimu a kupachikidwa ayi, za misomali ndi zikoti tingoyankha ngati afunsa, mwachidule. Nkhani ya Lachisanu tisaimalize osanena kuti Lamulungu likubwera. Tisanene kuti Yesu anagona, chifukwa mwana amatha kuyamba kuopa tulo, tinene kuti anafa. Tisamuuze mwana kuti Yesu anafa chifukwa iweyo sumvera, mwana wa zaka 5 amatenga mawu mmene alili nkuganiza kuti wapha munthu, tinene kuti anthu tonse, akulu ndi ana, timachita zoipa zotisiyanitsa ndi Mulungu, Yesu anasenza zimenezo chifukwa amatikonda. Ndipo ndinapempha ndekha kuti tisamanene kuti Ayuda anapha Yesu, chifukwa Yesu mwiniwake, Maria, Petulo, Yohane, onsewo anali Ayuda, amene anamupereka ndi atsogoleri ena, amene analamula ndi Pilato, bwanamkubwa wachiroma. Mawu amenewo anadzetsa chidani ndi kuphana kwa zaka zambiri, sindikufuna ayambire m'kalasi mwanga. Bambo aja avomera bola akhale nawo m'kalasi tsikulo. Ndasangalala kuti abwera.

Njere zamera m'zitini 10, zinayi zinaola chifukwa chothirira kwambiri. Tadzalanso poyera, sitinasinthe mobisa.

13 Epulo

Lamulungu la Kanjedza. Phokoso lokhalokha koma labwino. Hosana ndawauza kuti ndi kupempha kuti tipulumutseni. Funso linali loti bwanji mfumu ikwere bulu osati hatchi, ndinati hatchi inali ya ankhondo, Yesu sanabwere kudzamenya anthu. Tinatsala ndi mphindi zochepa nde tinachita za kusambitsa mapazi za pa Yohane 13, beseni ndi thaulo, ine ndi mayi anzanga tinagwada. Ana ena anachita manyazi, mmodzi anati aphunzitsi musatero, ndinu akulu. Ndinati Petulo ananenanso zomwezo.

18 Epulo, Lachisanu Loyera

Tinakumana mphindi 30 mapemphero a akulu ali mkati. Ndinayamba ndi chakudya chomaliza, kuti chinali cha Paska ya Ayuda, pomwe amakumbukira kuti Mulungu anawatulutsa mu ukapolo ku Iguputo. Mpaka lero pa chakudya chimenechi m'mabanja achiyuda mwana wamng'ono kwambiri ndi amene amapatsidwa udindo wofunsa kuti usiku uno wasiyana bwanji ndi ena onse. Ndinawauza zimenezi kuti adziwe kuti mafunso awo ndi olandiridwa.

Kenako ndinanena nkhaniyo, mawu otsika, osachita sewero. Anamugwira m'munda akupemphera, anzake anathawa, anamunamizira, anamupachika pamtanda, iye anapempherera omwe ankamupachikawo kuti akhululukidwe, mayi ake anali pomwepo, anafa. Yosefe wa ku Arimateya ndi Nikodemo anatenga mtembo. Apa ndinapita pachingwe nkuchotsa kabotolo ka mure kaja nkukabweretsa kumapeto kuno, ndipo ana atatu anakakumbukira okha, mmodzi anati ka anzeru aja. Tinakulunga kachithunzi ka Yesu ndi kansalu koyera, komweko komwe tinakulungira khanda pa sewero la Khirisimasi, ndinachita dala, tinaika m'manda amene tinapanga ndi katoni, nkutseka ndi mwala weniweni.

Kunali chete wa mtundu umene sindinaumvepo m'kalasi imeneyi. Mmodzi anafunsa, zinamupweteka? Ndinati eya, kwambiri. Wina anati bwanji sanathawe, si anali ndi mphamvu? Ndinati akanatha, koma anakhala chifukwa cha ife, ngati mmene mayi sathawa mwana wake akakhala pangozi. Kamtsikana kaja kanalira, ndinakasiya kalire pang'ono kali m'manja mwa mayi anzanga, sindinafulumire kukatonthoza ndi zoseketsa chifukwa kulirako kunali koyenera. Kenako ndinati nkhaniyi siinathe, tiwerenge limodzi, lero Lachisanu, mawa Loweruka, mkuja Lamulungu, mudzabwere mudzaone. Bambo aja anali kumbuyo, mwana wawo pamiyendo, potuluka anangondigwira chanza osanena kanthu.

20 Epulo, Pasaka

Ndinafika m'mawa kwambiri nkusuntha mwala, nkuchotsa chithunzi, nkupinda kansalu nkukasiya mkatimo. Ana analowa akuthamangira kukatoni osapereka moni nkomwe. Mulibe! Ndani wamuchotsa? Ndinasangalala chifukwa limenelo ndi funso lenileni la Maria wa ku Magadala pa Yohane 20. Ndinawauza moona kuti chithunzicho ndachotsa ndine kuti tione mmene zinalili, koma Yesu weniweni palibe anamuchotsa, anauka. Ndinaona kuti nkofunika kunena chonchi, apo bii ena akanaganiza kuti pepala lachita zozizwitsa.

Maria ankalira, anaona munthu nkuyesa wosamalira munda, mpaka munthuyo anamuitana ndi dzina. Tinasewera zimenezo, mwana atseke maso, mnzake amuitane dzina, anene kuti ndi ndani. Tinachita kawirikawiri chifukwa aliyense ankafuna. Ndinanenanso kuti oyamba kuuzidwa ndi kutumidwa kukanena anali amayi, atsikana anatukula mapewa. Tinabweretsa zitini zija pafupi ndi manda, mbewu zafika msinkhu wa chikhatho, mnyamata wa thewera uja anati tinaikwirira koma yatuluka. Sindinawonjezerepo.

Za mazira ndi kalulu zomwe amaona pa TV ndangoti m'Baibulo mulibe, ena amagwiritsa dzira ngati chizindikiro cha moyo watsopano, tinapitirira.

Funso lolemera linachokera kwa mdzukulu wa agogo aja, wa zaka 6. Anadikira anzake atuluke nkunena chapansipansi, nde amayi anga adzuka liti, pakwana masiku atatu kalekale. Ndinagwada kuti tifanane msinkhu. Ndinati mwanangu, amayi ako sabwera mawa kapena mkuja, sindikufuna kukunamiza. Koma Yesu anauka woyamba ndipo analonjeza kuti onse omukhulupirira adzawaukitsa tsiku lomwe adzabwerenso, tsikulo sitikulidziwa, panopa amayi ali m'manja mwake, ndipo kuwasowa sikulakwa, Yesu naye analira pamanda a mnzake Lazaro. Anagwedeza mutu nkufunsa ngati angatenge chitini chake kunyumba. Anatenga. Agogo ndawauza zonse kuti apitirize naye.

Zapambali, wamkulu uja anafunsa bwanji Pasaka imasintha tsiku pomwe Khirisimasi sisintha. Imatsata mwezi wa kumwamba, ndi Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu kuyambira pa 21 Malichi, nde imagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, chaka chatha inali pa 31 Malichi. Chaka chino mipingo ya Orthodox, yomwe imawerengera Pasaka ndi kalendala ina, ndi ifeyo takondwerera tsiku limodzi, zomwe sizichitika chaka chilichonse, ndipo ndi chaka chomwe pakwana zaka 1,700 chichitikire msonkhano wa mabishopu wa ku Nicaea wa mu 325 umene unakambanso nkhani ya tsiku la Pasaka. Iyeyo zomwe anatolapo ndi za mwezi basi, akuti aziuyang'ana.

1 Juni

Kukwera kumwamba, kunali Lachinayi pa 29 Meyi, masiku 40 chiukireni. Phunziro ili silinayende, ndinene mosabisa. Ndinagwiritsa thonje ngati mtambo nkukweza chithunzi ndi ulusi, ana anangotengapo kuti Yesu ali komwe kumadutsa ndege, wina akufunsa ngati woyendetsa ndege amamuona. Choipa kwambiri, kamtsikana kaja kanati nde watisiyanso. Ndinayesa kunena za lonjezo la pa Mateyu 28:20 loti ali nafe masiku onse koma thonje lija linali litawina kale. Chaka chamawa ulusi ndi thonje ayi. Mwina ndidzayambira pa lonjezolo, ndipo ndisadzaphunzitse kukwera kumwamba palokha popanda kuwauza kuti padutsa masiku 10 okha Mzimu Woyera abwera.

8 Juni, Pentekoste

Zakonzekako. Pentekoste ndi liwu lachigiriki, la 50, tsiku la 50 kuwerenga kuyambira pa Pasaka, ndipo linali kale chikondwerero cha Ayuda nchifukwa chake ku Yerusalemu kunadzaza anthu a mayiko ambiri. Tinatuluka panja ndi timaliboni tomangirira kutimitengo. Ndinafunsa ndani akuiona mphepo, palibe. Nanga mwadziwa bwanji kuti ilipo? Maliboni akuvina, tikuimva kumaso. Ndinati Mzimu Woyera ndi choncho, Yesu mwini anafanizira ndi mphepo pa Yohane 3:8, sitimuona koma timaona zomwe akuchita, Petulo amene anachita mantha mpaka kukana Yesu katatu lero waima pagulu osaopa, anthu pafupifupi 3,000 nkubatizidwa. Ana amene amadziwa chiyankhulo china ananena kuti Mulungu amakukonda m'chiyankhulocho, tinapeza zinayi m'kalasi yomweyi.

Ndinabwerera kwa kamtsikana kaja nkukafunsa kuti ukukumbuka Emanueli? Kanati Mulungu ali nafe. Ndinati nanga lero? Kanaganiza nkunena kuti ali nafe koma sakuoneka. Tinatenga chingwe china chachifupi nkulumikiza chithunzi chomaliza ndi liwu la Emanueli lomwe lili koyambirira kuja.

15 Juni

Lero ndinayesa kuona zomwe zakhala m'mitu. Ndinachotsa zithunzi zonse 19, kuzisakaniza pamphasa, nkuwauza kuti apachike okha. Analipo 12. Kuyambira kwa mngelo mpaka manda opanda kanthu anakhoza popanda ine kulowererapo, anangokangana pang'ono ngati bulu amabwera beseni lisanafike kapena pambuyo. Kukwera kumwamba anakuika pambuyo pa Pentekoste, zomwe zikutsimikiza kuti phunziro lija liyenera kukonzedwa. Nditafunsa kuti Pasaka ndi chani, 9 anati Yesu anafa nkuuka, awiri anati manda mulibe munthu, wamng'ono kwambiri anati mbewu. Nditafunsa kuti khanda ili ndi bambo uyu ndi ndani, onse anati ndi mmodzi.

Zotsala. Makolo asanu apempha kapepala ka mafunso ndi mayankho achidule oti azigwiritsa kunyumba, ndayamba kulemba, ndi tsamba limodzi pa chikondwerero chilichonse, mafunso ake ndi omwewa anafunsa anawa. Zithunzi zina zang'ambika, tijambulanso papepala lolimba. Ana anayi akupita kalasi yapamwamba, ndikufuna ndikumane ndi aphunzitsi awo ndiwaonetse pomwe tafika, makamaka za Herode ndi za phulusa zomwe tinazisiya dala. Mdzukulu wa agogo uja akufunika kumuyang'anira mu Ogasiti pomwe chikwane chaka chimwalirireni mayi ake, ndalemba pakalendala. Adiventi ikubwerayi iyamba pa 30 Novembala, ndipo mayi anzanga apempha kuti chingwe tisachotse, ana atsopano adzachipeze chili pompo, akale aja ndi amene adzawayendetse kuyambira pakhomo mpaka pawindo. Ndavomera, mawa ndikagula mapegi ena.